Wachikhumi wa pa Kadzombe

Mudzi wa Kadzombe sunali wopitirira popita kwina, chifukwa njira inkathera pomwepo. Ukachoka ku Katete n'kulowera kummwera, n'kupalasa njinga tsiku lathunthu, unkafika pamene phiri la Chingoma limatsikira mu mtsinje wa Nsenjere. Pakati pa phiri ndi madziwo panali kampata kokwana nyumba khumi ndi zitatu, nkhokwe zake ndi khola limodzi la mbuzi. Kuseri kwa phiri kunali dziko la Apwitikizi. Kumadzulo kunali dambo losauma, ndipo mwezi wa Okutobala, pamene midzi ina inkathyola masamba a m'tchire, pa Kadzombe ankadya mpiru, nzimbe ndi chimanga chachiwisi cha m'dimba.

Anthu analipo makumi atatu ndi anayi, kuwerenga ndi makanda omwe. Ottilia ankawadziwa onse ndi zipsera zawo zomwe, pakuti ambiri mwa anawo anawalandira ndi manja ake pobadwa. Koma buku la ku Boma silinkawerenga choncho. Bukulo linkafuna amuna, amuna khumi. Mudzi wosakwana amuna khumi sunali mudzi. Ankaufufuta, anthu ake n'kukawathira kwa Chimtengo, mudzi waukulu wa cha kumsewu, kumene chitsime chinali chimodzi ndipo akazi ankatukwanizana pamzere kuyambira dzuwa lisanatuluke. Amene anaganiza lamulo limeneli sanafunse kuti pa Kadzombe amalima ndani, amafolera nyumba ndani, amathamangitsa anyani ndani. Akanafunsa akanachita manyazi, ngati manyaziwo anali nawo.

M'chaka cha 1957 amuna a pa Kadzombe anali khumi ndendende, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo anali ku Halale ndi kumigodi, komwe Boma lomwelo linkawafuna. Pamudzi panatsala atatu. Panali a Jonasi, amalume ake a Ottilia, amene mudziwo unalembedwa m'dzina lawo, nkhalamba yogontha khutu limodzi, yofatsa kwambiri moti ikamva belu la njinga ya kapasu, mthenga wa Boma, inkayamba kupepesa isanadziwe mlandu. Panalinso alongo ake awiri a Ottilia, wina wa mwendo wopuwala, wina wa chifuwa chosatha. Wachikhumi m'bukumo anali Fanuel, mwana yekhayo wa Ottilia, amene anapita ku Halale zaka zitatu zapitazo atamanga kanyumba kake pafupi ndi nkhokwe ya mayi ake.

Lachiwiri masana kunafika a Jafali, ogulitsa nsalu ndi mchere a ku Katete, amene ankanyamulanso makalata a anthu. Tsiku limenelo sanaitane akazi kuti adzaone nsalu. Anakhala pakhonde ndi a Jonasi, kenaka a Jonasi anaitana Theresa, mkulu wake wa Ottilia, amene kunena zoona ndiye ankayendetsa mudziwo. Ottilia anali kudimba, akuthirira mpiru, osadziwa kanthu.

Theresa anamupeza komweko. Anamugwira dzanja n'kulowa naye mkati mwa nzimbe, kutali ndi njira, ndipo anamukhazika pansi.

"Make Fanuel, limba mtima. Mwana wathu watisiya ku Halale. Anadwala chibayo sabata imodzi, anzake anamuika komweko mwezi watha. A Jafali abweretsa jekete yake, bulangete ndi chitupa."

Ottilia anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke, chifukwa chikhatho cha Theresa chinali chitafika kale. Anamutseka pakamwa mwamphamvu, dzanja lina litamugwira kukhosi, ndipo anagubuduzana m'matope awiriwo. Ottilia analuma chikhathocho mpaka magazi, koma mkulu wakeyo sanachichotse.

"Lachisanu kukubwera kalaliki ndi buku," anatero Theresa, naye misozi ili chuchuchu. "Akamva kuti Fanuel kulibe, tatsala ndi asanu ndi anayi, mudzi watha. Manda a amayi tiwasiyira nguluwe, madimba awa atenga a kwa Chimtengo, amene akhala akuwalakalaka chikhalire. Masiku atatu okha, mng'ono wanga. Akangowoloka mtsinje ulire mpaka phiri limve, ndipo woyamba kukuthandiza ndidzakhala ine."

Ottilia anayang'ana madzi akuyenda mu ngalande imene anakumba ndi Fanuel. Anaganiza za mzere wa pachitsime kwa Chimtengo, za kukapempha kamunda kwa anthu ngati wobwera, iye wobadwira pano. Anagwedeza mutu kuvomera, ndipo Theresa anachotsa dzanja.

Kubisa maliro si kungotseka pakamwa ayi. Mudzi wa maliro umaoneka ngakhale ukhale chete. Pabwalo sasesa, mitondo imagonekedwa pansi, ana sasewera. Ndiye mwezi umenewo akazi a kwa Chimtengo ankabwera tsiku ndi tsiku kudzachapa mu Nsenjere ndi kudzasinthanitsa ndiwo, maso awo ali mwamwamwa pa chilichonse. Choncho Theresa analamula kuti zonse ziziyenda monga mwa masiku onse, ndi kuposa apo. Akazi akuluakulu okha ndiwo anauzidwa. Lachitatu m'mawa bwalo linasesedwa, mitondo inaimikidwa, ndipo akazi anasinja akuimba nyimbo za pamtondo zonyoza amuna aulesi. Ottilia anasinja nawo. Pansi pa nsalu yake, pamene maso sakanaona, Theresa anali atamumanga kansalu kolimba pamimba monga amamangira namfedwa kuti asakomoke. Imeneyo ndiyo inali mbali yokhayo ya maliro imene anamulola.

Mkazi wina wa kwa Chimtengo, dengu la zochapa lili pamutu, anaima pamtondopo.

"Amake Fanuel, maso afiira bwanji?"

"Utsi, mayi. Nkhuni za masiku ano n'zaziwisi."

"Mu Okutobala nkhuni zaziwisi?"

"Zakuno ndi choncho. Kuli madzi kuno," anayankha Ottilia, n'kutsitsa musi mwamphamvu mpaka chimanga chinadumphira kunja.

Lachinayi Theresa anamuuza kuti akazire kanyumba ka Fanuel, kuti kalaliki akaone nyumba yodikira mwini wake. Nyumba ya womwalira amaigwetsa, aliyense amadziwa, koma Ottilia anakatenga dothi lakuda kudambo, nagwada, nazira pansi ponse ndi khonde lomwe, n'kusalaza ndi mwala. Katundu anabweretsa a Jafali uja anali atamubisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Pozira anapeza kamtengo kamene Fanuel ankasema kuti kakhale mpini, kosamaliza, ndipo anakaika patsindwi n'kupitiriza ntchito. Mtima wake unali wodzaza ndi chisoni, komanso ndi mkwiyo umene sankadziwa pouika. Ankangodziuza kuti mawa, dzuwa likapendeka, alira.

Kalaliki anafika Lachisanu dzuwa lili pamutu, limodzi ndi kapasu wake Mateyo. Anali a Stanford Sakala, Mchewa wa cha ku Sinda, munthu wa zaka ngati makumi atatu, wovala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo, cholembera atachisomeka mu sokosi. Sanali munthu woipa. Anali chabe munthu wokhulupirira buku lake, ndipo anthu otere nthawi zina amavuta kuposa oipa. Anazungulira mudzi akuwerenga nyumba, nayamikira kanyumba kozira bwinoko, kenaka anakhala pampando pansi pa mkuyu, buku lili pamaondo. Mudzi wonse unakhala pansi patsogolo pake.

Ankatchula dzina, mwini wake n'kuyankha. Dzina la munthu wa paulendo ankayankhira mkazi wake kapena mayi ake, n'kuonetsa kalata yomaliza. Mayina asanu ndi anayi anadutsa bwinobwino.

"Fanuel Banda."

Ottilia anayenda chogwada n'kupereka kalata ya mwezi wa Meyi.

"Kalata yakale iyi, mayi. Ali moyo?"

Ottilia anamva kansalu kaja kakumufinya pamimba.

"Ali moyo."

A Sakala anachonga m'buku. "Teni. Mwapulumuka ndi mmodzi, a Jonasi."

A Jonasi anawomba m'manja kambirimbiri, akuthokoza ngati kalalikiyo ndiye anabereka amuna khumiwo. Theresa anapumira m'mwamba. Anabweretsa nkhuku ndi chimanga chootcha, alendo nasamba m'manja. Ottilia anabwerera pamalo pake, maso ali panjira yotsikira kumtsinje, akuyeza mapazi amene njinga ziwirizo zinayenera kuyenda kuti ziwoloke.

Chimanga chachiwisi mu Okutobala chimamasula lilime, ndipo a Sakala anayamba kucheza.

"Inu kuno ndinu anthu oona. Kwina anthu ndi akathyali. Mudzi wina cha ku Sinda anandiuza kuti munthu ali moyo ku Joni, ine n'kusaina. Lamlungu lake kapasu akudutsa anapeza maliro ali pakati, akazi atameta. Mwini mudzi anakagona kundende miyezi itatu, mudzi tinaufufuta. Oda ya ku Boma ndi yakuti dzina likalowa kuti ali moyo, ndi wamoyo basi mpaka tidzawerengenso. Ine ndibweranso chaka chamawa mwezi ngati uno, ndi chaka chinacho. Bola amuna anu asachepe."

Anapitiriza kukukuta chimanga. Ottilia anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mkulu wake. Theresa anali akuyang'ana pansi, akutola tinyenyeswa tosaoneka pamphasa. Nkhani ya ku Sinda ija inali itamveka m'madera onse chaka chatha, ndipo Theresa, amene ankapita kumsika ku Katete, sakanalephera kuimva.

"Akulu," anatero Ottilia motsitsa mawu, "mumadziwa?"

Theresa sanadzutse mutu.

"Akulu, ndikufunsa inu. Akawoloka mtsinje ndilira, kapena sindilira?"

"Tikambirana alendo akapita, make Fanuel."

"Chaka chamawa mudzati tidikirenso. Mpaka mwana wamwamuna wa m'bale wathu Violet akule alowe m'buku, ndipo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuzira nyumba ya munthu wakufa."

Theresa ananong'ona kuti, "Ndi mudzi wa amayi uno. Ndikanatani ine?"

Ottilia anamumvetsa mkulu wakeyo, ndipo kumumvetsako kunangowonjezera ukali. Anaimirira pamaso pa alendo osapempha, nayenda kupita kunkhokwe, nakwera, nafukula chimanga. Anabwera ndi mtolo uja n'kuutula pamwamba pa buku, pamaondo a kalaliki. Jekete inafunyululuka, chitupa chinagwera pansi.

"Fufutani. Mwana wanga anamwalira mwezi watha ku Halale. Ndakunamizani ndine, osati amalume. Iwo ndi ogontha, sanamve zimene ndayankha."

Kapasu anasiya fupa lili m'manja. A Sakala anayang'ana jeketeyo, nayang'ana kanyumba kozira kaja, ndipo nkhope yawo inasintha. Anakankhira mtolowo pang'ono.

"Mayi, ine ndimadya chimanga, sindinamve kalikonse. Tengani katunduyu mubwezere kumene anali. Ndasaina kale."

Anali kumupatsa mpata, ndipo aliyense pabwalopo anaona. Akazi anamuyang'ana Ottilia ndi maso opempha. Mlongo wake wa mwendo wopuwala anati, "Mlongo, taganizani ana awa."

"Ndawaganizira kuyambira Lachiwiri," anatero Ottilia. "Ndasinja, ndaimba, ndazira. Tsopano ndikuganiza wanga. A kalaliki, mwamva. Munthu uyu anabadwira pakhonde ilo, anakumba ngalande ya madimba amene mwadya chimanga chake. Wafa ngati galu m'dziko la eni, popanda womulira, ndiye kwawonso akhale wopanda womulira chifukwa cha buku? Fufutani."

"Mukudziwa tanthauzo lake? Ikhala naini. Ndikapereka lipoti, mukangokolola mudzi usamuke."

"Lembani nainiyo. Mukatero mutsegule tsamba lina, mulembe Theresa, mulembe ine, mulembe Violet ndi akazi onse mukuwaonawa. Nyumba khumi ndi zitatu mwawerengazi anafolera ndi amenewa."

"Pa fomu palibe malo a akazi, mayi."

"Ndiye chachepa ndi fomu yanuyo. Mudzi uno sunachepe."

A Sakala anakhala kanthawi cholembera chili m'mwamba. Kenaka anachitsitsa n'kudula mzere pa dzina la Fanuel, kuchokera kumanzere mpaka kumapeto kwa tsamba.

Ottilia anadikira mpaka cholembera chitachoka papepala. Atatero anagwada, natola jekete ija, naikumbatira, ndipo kulira kumene anakumeza masiku atatu kunatuluka. Kunali kulira kosakongola, kosasa, kwa munthu amene mmero wake unatupa ndi kudziletsa. Anaitana dzina la mwana wake, anaitana amayi ake amene anagona kumanda, anafunsa Halale chimene anailakwira. Ana anadzidzimuka n'kuyamba kulira osadziwa chifukwa. Akazi anakhala owuma, akuyang'ana Theresa. Theresa anali atakwiya, nsagwada zili gwa, chifukwa zonse anamanga zinali zitagumuka pamaso pake. Koma Fanuel anamulera nayenso, anamubereka kumbuyo mayi ake akudwala. Anaimirira, napita pamtondo, naugwetsa pansi ndi phazi, ndipo pobwerera anali akulira kale kuposa onse. Akazi onse analandira, ndipo mfuu unatsika m'dambo mpaka kumene a kwa Chimtengo ankachapa.

Kapasu anavula chipewa. A Sakala anatseka buku n'kutsika pampando, nakhala pansi monga amakhalira munthu aliyense pamaliro. Njinga zawo zinali zotsamira mkuyu, koma kukwera njinga n'kuchoka pamudzi pamene maliro angoyamba, ngakhale munthu wa masokosi ofika m'mawondo sangachite.

Kulira kutatsika pang'ono, a Jonasi anayandikira. Munthu akafera kutali, kwawo amakulunga zovala zake mumphasa pamodzi ndi thunthu la nthochi, n'kuika m'manda ngati mwini wake, kuti mzimu wake udziwe pobwerera. Koma manda sakumba wachibale. Amakumba adzukulu, anthu a magazi ena, ndipo amuna atatu a pa Kadzombe onse anali abale a Fanuel.

"Titume mthenga kwa Chimtengo," anatero a Jonasi. "Adzukulu afika mawa."

"Kwa Chimtengo ayi, amalume," anatero Ottilia, akupukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu. "Abwere kudzakumba manda uku akuyeza madimba athu ndi maso? Adzukulu alipo kale pano."

Analowa m'nyumba mwake natuluka ndi makasu awiri. Anayenda mpaka pamene panakhala alendo, nagwada mwaulemu wonse, n'kuika khasu limodzi patsogolo pa kapasu, lina patsogolo pa kalaliki.

"Inu si abale athu. Mwadya nkhuku ya pamudzi pano. Tithandizeni."

"Mayi, ine ndili pa ntchito ya Boma," anatero a Sakala.

"Ya Boma mwamaliza, ndaona mwatseka buku."

A Sakala anayang'ana kapasu, koma Mateyo anali atayamba kale kuvula nsapato. Munthu wobadwira m'dziko lino sakana khasu la maliro, chifukwa amadziwa kuti tsiku lina kwawo kudzafunikanso wokumba. Kalaliki uja anavula malaya oyera, nawapinda bwinobwino pamwamba pa buku, natsitsa masokosi, n'kunyamula khasu.

Manda a pa Kadzombe anali m'kankhalango patsinde pa phiri, pamene nthaka ndi yofiira ndi yolimba. Akazi safika msanga kumanda, koma tsiku limenelo panalibe amene anayesa kumuletsa Ottilia. Anatsogolera yekha, nadutsa mitumbira ya agogo ake, naima pafupi ndi wa amayi ake. A Sakala anapala masamba n'kuyamba kulemba malire a dzenje ndi khasu, chapakatikati pa malo otsalawo.

"Sunthirani uko pang'ono," anatero Ottilia.

"Apa ndi pabwino, mayi, palibe mizu."

"Sunthirani. Pakati pa iye ndi amayi musiye malo okwana munthu mmodzi."

A Sakala anaweramuka, thukuta litayamba kale kutsika m'khosi. "A ndani? Mukakolola mukusamuka, mayi. Kuno sikudzaikidwanso munthu."

"Ndi anga," anatero Ottilia. "Mukapereka lipoti lanu, mukanenenso kuti malowo munayeza ndinu."

A Sakala anasuntha mapazi awiri kumanzere, nayamba kukumba.